Ndiwo Zopanda Nthuli

Kepitawuni, 18 Malichi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa azakhali a Fyness. Miyendo ija ikukuvutanibe? Kuno ine ndi mdzukulu wanu Tamanda tili bwino. Ndikulemba kalata chifukwa azakhali akuti pa foni simukumvanso. A Zaidi, amene amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Nkhotakota, avomera kumatitengera makalata.

Ababa, ndili ndi pempho. Mukudziwa kuti ndimatsuka mapoto mu lesitilanti ya Ataliyana. Tsopano abwana agula makina otsukira. Mwa ife atatu otsuka, awiri adzachotsedwa, mmodzi adzakwezedwa kukhala wophika. Akuti pa 10 Juni aliyense aphike ragu, nyama yogaya ija ya msuzi wogwirana yodyera makaroni, ndipo amene akhoze ndiye atsale. Ophika a kuno safuna kundionetsa. Ndikawafunsa amangoseka n'kundipatsa poto wina woti nditsuke.

Ndiye ndakumbukira kuti ndi ndiwo zomwe zija munkaphikira abwana anu a Chitaliyana zaka zonse zija. Chonde mundilembere njira yake yonse, kuyambira poyambira. Ntchitoyi ikatha ndilibe kolowera. Mkamwini wanu Jeremy sakukhalanso nafe, koma zimenezo ndidzafotokoza tsiku lina.

Ndatumiza juzi ndi shuga.

Mwana wanu,
Tabitha

Nkhotakota, 30 Malichi 2024

Tabitha,

Kalata yako ndalandira, juzinso. Ndi yaikulu koma ndivala. Miyendo ili monga ili. Nyanja yakwera chaka chino, yameza theka la munda wa chinangwa wa azakhali ako.

Ndawerenga kawiri pamene walemba kuti "ndiwo zomwe zija". Ndiwo ziti? Ine ndikudziwa ndiwo zimene ndinaphika pa ukwati wako mu Ogasiti 2015. Akuchimuna anabweretsa mwendo wathunthu wa ng'ombe. Ndinautenga ndekha, ndinaudula ndi mipeni iwiri mpaka nyama yonse inasanduka tizidutswa, ndinaphika kuyambira m'mawa. Inali mphatso yanga, popeza ina ndinalibe. Anthu atavundukula poto anafunsa kuti nthuli zili kuti. Amalume ake a Jeremy anati nyama yeniyeni tabisa, iwo tawapatsa zotafuna kale. Iwe, uli mu diresi loyera, pamaso pa anthu, unati, "Ababa, za azungu anuzo mukanazisiya kwa azungu. Chotsani potoyo." Ndinamva kuti anakakhuthulira agalu. Kuchokera tsiku limenelo ndiwo zimenezo sindinaphikenso. Ngati ukunena zimenezo, unene.

Komabe wafunsa poyambira. Poyambira si nyama. Tenga anyezi, karoti ndi mapesi a selari, zonse muyezo wofanana. Dula ting'onoting'ono ngati njere za mpunga. Selari ine ndinkabzala m'chitini kuseri kwa khitchini, kwanuko ali m'sitolo. Ika mafuta pang'ono ndi batala mu poto wokhuthala pansi. Moto wochepa. Anyezi asafiire. Angofewa n'kuwala ngati galasi. Akafiira taya, yambanso.

Phunzira zimenezo kaye. Pepala latha.

Ine bambo wako,
Andreya Kalilangwe

Kepitawuni, 13 Epulo 2024

Okondedwa Ababa,

Ndathokoza kumva kuti muli moyo. Pepani za munda wa azakhali.

Za ukwati ndi zakale, Ababa, ndipo ukwatiwo unatha. Tisazifukule.

Anyezi ndayesa katatu. Kachitatu sanafiire. Popeza kalata yanu inathera pompo, zotsalazo ndinangoganizira ndekha. Ndinagula nyama yogaya, ndinaitsuka bwinobwino monga timachitira, ndinaithira pa anyezi paja. Kenako matimati asanu ndi limodzi, madzi makapu awiri, ufa wa kale pang'ono kuti ioneke bwino, ndipo inabwata mphindi makumi anayi. Inatuluka yotuwa, nyama pansi, madzi pamwamba. Tamanda anayang'ana m'mbale n'kufunsa kuti, "Amama, nyamayi yamira kapena ikusamba?" Tinadya chifukwa sitikanataya.

Mwa anzanga awiri aja, mmodzi, Mzimbabwe, ali ndi mlamu wake amene amaphika ku hotelo. Iye akuphunzira Lamulungu lililonse. Ine ndili ndi inu nokha. A Zaidi amabwera kawiri pa mwezi basi, ndiye mukamalemba kachidutswa kachidutswa, Juni afika tili pa karoti.

Ndatumiza kope lathunthu ndi zolembera ziwiri kuti pepala lisathenso. Kapena mulembe, azakhali ajambule pa foni n'kunditumizira tsiku lomwelo.

Mwana wanu,
Tabitha

Nkhotakota, 27 Epulo 2024

Tabitha,

Kope lafika. Kalata yanga sijambulidwa pa foni ya munthu. Zimene zalowa m'foni ya azakhali ako zimafika ku Chia dzuwa lisanapendeke.

Wati zakale tisafukule. Ndamva. Koma ndiwe wafukula, pofunsa.

Nyama yogaya satsuka. Ukaitsuka wataya kukoma kwake mu sinki. Ufa wa kale ndi wa mbuzi ya pa Khirisimasi, mu poto umenewu asalowemo.

Ine anandiphunzitsa ndi Sinyora, mkazi wa bwana wanga wa zomangamanga uja. Chichewa sankadziwa, Chingerezi chake chinali ngati changa. Ankaima pambali panga ndi supuni yathabwa, ndikafulumira n'kundigogoda pa dzanja, amvekere, "Piyano, Andreya, piyano." Ndiye kuti pang'onopang'ono. Ndinagogodedwa miyezi itatu. Ndinaphika m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo poto yemweyo ndiye anakufikitsa ku sekondale kumene unkauza anzako kuti bambo ako ndi kalaliki. Zinandifika. 

Tsono mvera. Nyama ikhale ya ng'ombe, ya paphewa kapena pachifuwa, yokhala ndi mafuta ake. Yopanda mafuta imauma ngati utuchi. Isagayidwe kwambiri. Sinyora ankafuna kusakanizako ya nkhumba, koma mabutchala a pa boma pano ndi a anzathu Asilamu, ndiye tinazolowera ya ng'ombe yokha, ndipo ankanyambita mbale chimodzimodzi.

Zamasamba zija zikafewa, wonjezera moto, ika nyama, thira mchere pang'ono. Iphwanye ndi mthiko isagwirane mibulu. Poyamba itulutsa madzi. Usachite mantha ndipo usavundikire. Dikira madziwo aphwe. Kale ndinkadziwira ndi makutu: poto amasiya kunena bwatabwata n'kuyamba tchetchetche. Pamenepo nyama yayamba kukazingika m'mafuta ake. Ilekere ifiire, pansi pa poto pachite dzimbiri labulauni. Dzimbiri limenelo si kupserera, ndiye chuma chake. Thira vinyo kapu imodzi, pala pansi ndi mthiko kuti dzimbiri lija lisungunuke. Nunkhiza. Fungo la mowa likatha, vinyo watha ntchito yake.

Zotsalazo ndilemba ndikakonzeka.

Andreya Kalilangwe

Kepitawuni, 6 Meyi 2024

Ababa,

Moni. Tili bwino.

Kope lili ndi masamba makumi anayi, inu mwalemba awiri. Kwatsala mwezi umodzi. Ngati mukufuna kundilanga chifukwa cha mawu amene ndinayankhula ndili mtsikana, nenani poyera kuti ndileke kuyembekeza. Koma mudziwe kuti amene mukumulanga ndi Tamanda.

Tabitha

Nkhotakota, 15 Meyi 2024

Mwana wanga Tabitha,

Ndine azakhali ako. Uli bwanji ndi kamdzukulu kathu? Izi pa foni sindingayankhule, chifukwa achimwene amakhala pakhonde pompa, ndipo ngakhale ndi ogontha, dzina lawo lokha amalimva.

Kalata yako ija anaiwerenga, anaipinda kanayi, anaiika m'thumba la juzi yomwe unawatumizira. 

Mkwiyo ulipo, sindikubisa. Zaka zisanu ndi zinayi akhala akuufungatira ngati nkhuku pa mazira. Koma chimene chaimitsa kalata si mkwiyo. Aiwala, mwana wanga. Akudziwa kuti mumalowa mkaka ndi matimati, koma sakukumbuka chimene chimatsogola. Akuti mutu sunadziwepo, ankadziwa ndi manja. Ndipo manjawo analumbira kuti sadzaphikanso. Uwauze kuti alembe kuti "ndaiwala"? Bola kuwazula dzino.

Ndiye Lachiwiri lapitalo ndinangoona atulutsa kapoto kolemera kamene anawasiyira mzungu wamkazi uja, akukakwecha ndi mchenga. Anakwera kabaza mpaka kubutchala kwa a Abdulwahab. A Abdulwahab akuti, "Mdala, mwafunsira mkazi kodi, nyama pakati pa mwezi?" Pobwera anadzera ku botolo sitolo kukagula vinyo, iwo mkulu wa mpingo, masana dzuwa likuswa mtengo. Pofika Lamulungu amayi a bungwe anali atawapempherera kale.

Anaphika pa mbaula kuseri. Anathira mkaka mu matimati akubwata, mkaka unachita mibulu ngati chambiko. Anakhala pa mpando kuyang'ana potoyo ngati maliro. Ndinati, "Achimwene, bweretsani tidyere mpunga, mimba siona." Anati, "Izi ndiye za agalu." Ndinadyabe ine, galu wake.

Akuti ayesanso mpunga ukagulidwa. Usawauze kuti ndakulembera.

Koma iwenso ndiwe mwana wa bambo ako, khosi louma. Mawu amene akufuna kumva ukuwadziwa. Satenga tsamba lathunthu.

Azakhali ako,
Fyness

Nkhotakota, 29 Meyi 2024

Tabitha,

Ndili moyo. Mpunga takolola, ndi wochepa. Kalata yako ya pa 6 Meyi sindiyankha. A Zaidi anyamuka Loweruka, akuti afika kwanuko pa 7 Juni ngati pa chipata cha m'malire sipavuta. Utsala ndi masiku atatu. Akukwanira kuyesa kamodzi.

Vinyo akaphwa, chepetsa moto, thira mkaka kapu imodzi. Mkaka umatsogola, matimati pambuyo. Uulekere ulowe mu nyama mpaka usaonekenso. Umafewetsa nyama ndi kuiteteza ku kuwawasa kwa matimati. Ukasinthanitsa, mkaka uchita mibulu. Ndikudziwa.

Matimati asachuluke. Izi ndi ndiwo za nyama, si za matimati. Pa kilo imodzi ya nyama, matimati akupsa anayi kapena asanu. Aviike m'madzi otentha, senda, chotsa njere, sefa. A m'chitini alinso bwino. Pambali ukhale ndi kapoto ka msuzi wa mafupa, kotentha nthawi yonse.

Tsopano moto. Apa ndi pamene anthu athu amalephera, chifukwa tinazolowera kuti ndiwo zibwate kuti tidziwe kuti zikupsa. Poto ameneyu asabwate. Azingopuma. Thovu limodzi lituluke, uwerenge mpaka zitatu, lituluke lina. Ine pa mbaula ndimasiya makala atatu n'kuwakwirira ndi phulusa. Pa gasi wakoyo sindikudziwa, upeze wekha phulusa lake. Chivundikiro chikhale chopendekeka, nthunzi izituluka.

Wotchi sindinakhalepo nayo m'khitchini. Ndinkathira matimati kumzikiti akamaitana swala ya masana, n'kuphula ataitana ya alasiri dzuwa litapendeka, ndipo ngakhale apo sindinkathamanga. Ndi maola atatu ndi kupitirira. Nthawi yonseyo usapite kutali. Takasa kawirikawiri, upale pansi. Ukaona kuti pakuuma, thira msuzi wa mafupa chipande chimodzi chokha. Madzi ozizira ayi. Ukathira ambiri nthawi imodzi, nyama isambanso monga ananenera Tamanda.

Udziwa kuti yapsa mafuta akayandama pamwamba ofiirira ngati papaya, ndipo ukadutsitsa mthiko pakati, njira imatsala kanthawi isanatsekeke. Mafutawo usawayengule, atakasire momwemo.

Mchere womaliza uthire pamapeto, utalawa, chifukwa msuzi ukamaphwa mchere umakula. Usalole munthu akuchotsere poto usanalawe. Pa ukwati wako anabwera kudzanyamula ndisanalawe komaliza.

Popakula usaike makaroni pansi ndiwo pamwamba ngati tikugawa pa maliro. Makaroni alowe mu ndiwo, ndi madzi ake ophikira pang'ono, zigwirane pa moto. Abwana akalola kuti uphike dzulo lake, vomera. Yogona imakoma kuposa ya tsiku lomwelo.

Palibe chimene ndasunga. Zonse ndi zimenezi.

Bambo wako,
Andreya Kalilangwe

Kepitawuni, 26 Meyi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Iyi ndapatsira mayi wina wa ku Dwangwa amene akunyamuka mawa, sindingadikire a Zaidi. Sindikupempha kanthu. Mulembe kapena musalembe, izi ndiyenera kunena.

Ndinalakwa pa ukwati paja. Ndinaona apongozi akunong'onezana, ndinachita mantha kuti andiona ngati wochokera ku banja lomana, ndipo ndinasankha kuchititsa manyazi inu kuti ine ndipulumuke. Pepani, Ababa. Za ukalaliki zijanso pepani.

Koma pali china chimene simukudziwa. Poto uja sanapite kwa agalu. Ndinauza atsikana operekeza kuti amuike m'galimoto ya mphatso, popeza ndinalibe mtima womutaya. Anapita nafe ku Dwangwa. M'mawa mwake ndinatenthetsa pang'ono kuti ndidyere mpunga, ndili ndekha m'khitchini, ndipo ndinadya nditaimirira osafuna n'kukhala pansi komwe. Amalume a Jeremy aja, omwe aja a nthuli, anabwera kudzatsazika. Anadya mbale ziwiri n'kupempha ya m'kontena yopita nayo. Anafunsa kuti waphika ndani. Ndinati ndine.

Nkhani ya agalu ija inayamba ndi anthu, ine ndinangoisiya iyende. Kuti ndiitsutse ndikanayenera kubwera kudzakuuzani kuti zinali zokoma, ndipo pakamwa panga panalemera. Chaka chinatha, kenako zinayi, kenako ndinabwera kuno.

Mwana wanu,
Tabitha

Kepitawuni, 11 Juni 2024

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji? A Zaidi anachedwa pa chipata, anafika pa 8 Juni madzulo. Ndinayesa kamodzi Lamulungu kunyumba, ndipo dzulo ndinaphika pamaso pa abwana.

Phulusa la gasi ndinalipeza. Ndinaika chiwaya chachitsulo pa moto waung'ono kwambiri, poto pamwamba pa chiwayacho. Anzanga aja anamaliza pa ola limodzi ndi theka, anapakula, anakhala pansi. Ine poto akungopuma. Wophika wamkulu ankadutsa n'kumati, "Malawi, wagona?" Kufupi ndi lesitilanti kuli mzikiti. Ndinathira matimati akuitana, ndinaphula ataitananso, ndipo sindinathamange. Wina anafuna kundinyamulira poto, ndinamugwira dzanja mpaka nditalawa.

Abwana analawa mbale zonse zitatu. Kenako anabwerera pa yanga, ananyema buledi n'kupukuta mbale. Anati mkaka ndi wochuluka pang'ono kuposa mmene ankathirira mayi awo. Anafunsa kuti wandiphunzitsa ndani. Ndinati, "Bambo anga. Ndi khukhi." Anafunsa kuti ku hotelo iti. Ndinati ku Nkhotakota, pa mbaula.

Ndiyamba pa chitofu Lachinayi. Tamanda akuti mumuuze agogo kuti nyama yasiya kusamba.

Kodi kalata imene ndinapatsira mayi wa ku Dwangwa inafika? M'kalata yanu simunaitchule.

Mwana wanu,
Tabitha

Nkhotakota, 22 Juni 2024

Tabitha mwana wanga,

Makalata ako awiri ndalandira. Ya mayi wa ku Dwangwa inafika pa 12 Juni. Anapeza maliro kwawo, kalata inagona m'chikwama sabata ziwiri. Ndiye yanga ija ndinatumiza ndisanaone pepani wako. Ndikanadziwa kuti ali m'njira ndikanadikira, kuti zioneke bwino. Koma zachitika.

Za ntchito ndamva. Mkaka usachepetse. Mayi awo a abwana akowo sindikuwadziwa.

Amalume a Jeremy aja ndinakumana nawo chaka chatha pa siteji ya minibasi, anandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinadabwa. Tsopano ndamvetsa.

Ndaphikanso Lachitatu. Azakhali ako anadya, a Abdulwahab anakana chifukwa cha vinyo, ndiye ndawalonjeza ina yopanda vinyo sabata yamawa. Selari ndafesa m'chitini.

Pali chinthu chimodzi chimene sunalembe. Zaka zonsezi, ndikakhala pakhonde, mawu ako aja sanali okha amene ankandibwerera. Ndinkaganizanso kuti mwina anthu aja ananena zoona mosadziwa, mwina ndiwozo zinalidi zolakwika, popeza poto anachoka ndisanalawe. Ndinalibe womufunsa. Agalu sayankhula.

Iwe unadya. A Zaidi anyamuka Lolemba. Undilembere: mchere unakwana?

Ine bambo wako,
Andreya Kalilangwe, khukhi